Mmene Aisraeli Ankayeretsera Wokhudza Mtembo, ndi Zimene Mkatolika Atolepo

Musanatsegule Levitiko 11 mpaka 15 kapena Numeri 19, gwirani mfundo iyi: kudetsedwa si tchimo. Woika bambo ake m'manda ankadetsedwa masiku 7, chonsecho wachita chinthu chabwino. Ankaletsedwa kuyandikira malo opatulika. Mlandu unkayamba akanyalanyaza kudziyeretsa.

Mwambo wa pa Numeri 19 unkayenda motere. Ankasankha ng'ombe yaikazi yofiira, yopanda chilema, yosasenzapo goli. Ankaiphera kunja kwa zithando, wansembe n'kuwaza magazi ake ndi chala kasanu ndi kawiri, kulunjika kumene kunali chihema chokumaniranako. Kenaka yonse inkatenthedwa, chikopa, nyama, magazi ndi ndowe zomwe, wansembe n'kuponyamo mtengo wamkungudza, kachitsamba kotchedwa hisope ndi ulusi wofiira. Phulusalo linkasungidwa pamalo oyera.

Maliro akagwa, munthu wosadetsedwa ankatapa phulusa pang'ono, kuika m'chotengera, n'kuthiramo madzi oyenda, osati a pachithaphwi. Ankaviika hisope n'kuwaza hema, ziwiya ndi anthu onse amene anali momwemo, tsiku lachitatu ndiponso lachisanu ndi chiwiri. Pa tsiku lomalizali wodetsedwayo ankachapa zovala, kusamba, ndipo dzuwa likalowa wayera.

Zinkalakwika pati? Wophonya kuwazidwa kwa tsiku lachitatu sankayera pa lachisanu ndi chiwiri, ngakhale asambe bwanji. Chiwiya chosavundikira m'hema la maliro chinkadetsedwa. Chodabwitsa n'chakuti wotentha ng'ombe ndi wowola phulusa, amene akukonzera ena choyeretsera, nawonso ankadetsedwa mpaka madzulo.

Za mayi wochira zili pa Levitiko 12: kuti ayere ankadikira masiku 7 ndi ena 33 akabala mwamuna, 14 ndi ena 66 akabala mkazi. Wosauka ankapereka njiwa ziwiri kapena maunda awiri m'malo mwa mwanawankhosa, ndipo n'zimene Maria ndi Yosefe anapereka pa Luka 2:24. N'chifukwa chake chaka cha Kuperekedwa kwa Ambuye m'Kachisi chimagwa pa 2 February, tsiku la 40 kuwerengera pa Khirisimasi.

Tsono Mkatolika achite nazo chiyani? Aziwerenge pamodzi ndi Ahebri 9:13-14, pamene phulusa la ng'ombe likuyerekezedwa ndi magazi a Khristu: lija linkayeretsa thupi, awa amayeretsa mtima. Malamulo amwambowa satimanganso, koma zizindikiro zake zilipobe. Wansembe akamasamba m'manja pa Misa amanena chamumtima mawu a Salimo 51, salimo lomwe lija lotchula hisope. Madzi odalitsidwa a pakhomo la tchalitchi amatikumbutsa ubatizo. Sachotsa tchimo lalikulu, limene malo ake ndi Sakramenti la Kulapa.

Kwathu kuno, kumene mayi ali kumwezi ena amamuletsa kuthira mchere m'ndiwo, n'kosavuta kusakaniza mwambo wa makolo ndi Levitiko 15, pamene akunena kuti mayi wotere ndi wodetsedwa, mayi n'kumadzipatula yekha pa Ukaristiya. Mpingo sulamula zimenezo. Papa Gregory Wamkulu, poyankha Augustine, bishopu wa ku Canterbury, analemba kuti mayi woteroyo asaletsedwe kulowa m'tchalitchi kapena kulandira. Chimodzimodzi amene wasambitsa maliro, Mpingo sumuletsa. Zofunika kuziyang'ana ndi izi: kuti mulibe tchimo lalikulu losaulula, ndi kuti mwasala chakudya ola limodzi, kupatula madzi ndi mankhwala.