Chimimba cha Abambo, Njala Yosatha ndi Kuchepa kwa Testosterone

Abambo anzanga, kuno ku Chipata munthu akatulutsa mimba timati zinthu zayamba kumuyendera. Koma pa ntchito yanga yolangiza za umoyo m'midzi ndi m'makomboni ndacheza ndi abambo ambiri amene mimbayo ikuwasowetsa mtendere. Wina wa zaka za m'ma 40, amene kale ankapalasa njinga kunyamula anthu ku Kapata koma lero amakhala pashopu tsiku lonse, anandinong'oneza kuti amatha mitanda inayi ya nsima, pakangopita maola awiri m'mimba mwayambanso kulira. Lamba wafika pabowo lomaliza, thupi ndi lolefuka, ndipo kuchipinda amangofikira kugona. Iye ankaganiza kuti ndi umbombo. Ndinamuuza kuti mwina ndi mahomoni, timadzi timene thupi limapanga tolamulira mmene ziwalo zimagwirira ntchito.

Testosterone ndi homoni yachimuna yopangidwa m'machende, molamulidwa ndi kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary. Ndiyo imasunga minofu, mafupa olimba ndi chilakolako cha m'banja. Mwamuna akafika zaka za m'ma 40 imatsika pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pachaka, ndipo zimenezo zokha si matenda. Vuto limabwera ikatsika mopitirira. Minofu imaphwa, ndipo popeza minofu ndiyo imaotcha chakudya chambiri, chotsalacho chimasanduka mafuta n'kuunjikana pamimba.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mafuta a pamimba sakhala chete ngati chimanga m'nkhokwe. Ali ndi mphamvu yosandutsa testosterone kukhala estrogen, homoni imene imachuluka mwa amayi. Ubongo ukaona estrogen yochuluka umachepetsa lamulo lopita kumachende, testosterone n'kutsikanso, mafuta n'kuwonjezeka. Chimodzi chimakoka chinzake. N'chifukwa chake abambo ena onenepa amayamba kutuluka timabere.

Nanga njalayo? Mafuta amatulutsa homoni ya leptin youza ubongo kuti mwakhuta. Akachulukitsa, ubongo umaigonthera m'kutu, ndiye mumasamba m'manja mtima udakali pambale. Thupi limalekanso kumvera bwino insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, ndipo iyi ndi njira yopita ku matenda a shuga. Tulo natonso tili m'nkhaniyi: testosterone yambiri imapangidwa munthu ali m'tulo, ndipo wogona maola ochepa amachulukirwa ndi ghrelin, homoni ya m'chifu yodzutsa njala. Amene mumaliza mkonono koopsa n'kumabanika usiku, nenani zimenezi kuchipatala.

Yambani ndi tepi ya telala. Dziyezeni mozungulira mimba, chapamchombo, mutatulutsa mpweya osakoka mimba. Ikapitirira masentimita 94 chenjerani, ikafika 102 ngozi ndi yaikulu. Kenako pitani kukiliniki akakuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo fotokozani zonse, za kuchipinda zomwe, osachita manyazi. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kuchipatala chachikulu monga Chipata Central. Magazi oyezera testosterone amatengedwa m'mawa musanadye, chifukwa ndi pamene imakhala yokwera, ndipo akaipeza yotsika amayezanso tsiku lina asanagamule.

Chonde musagule jakisoni kapena mapilitsi a testosterone mwa inu nokha. Amalimbitsa magazi mopitirira muyeso, ndipo amachepetsa mbewu ya abambo moti wofuna mwana akhoza kulephera kubereka. Mankhwalawa ali ndi eni ake, amene dokotala wawapeza kuti machende kapena pituitary yawo siikugwira bwino. Ufa ndi mizu ya mphamvu yogulitsidwa m'misika nayonso siichotsa mafuta a pamimba.

Kwa ambiri, thupi likatsika testosterone imakweranso yokha. Chotsani mtanda umodzi kaye, m'malo mwake muchulutse chibwabwa, repu, nyemba, kapenta kapena dzira, zimene zimakhalitsa m'mimba. Zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga zisiyeni. Mowa umawononga pawiri, chifukwa umanenepetsa komanso umafooketsa machende, kaya ndi Chibuku kaya kachasu. Gwirani ntchito yolemetsa minofu: khasu, kunyamula matumba, kukwera phiri la Kanjala, kapena kuibwerera njinga yakapalasa ija.

Amayi, inunso thandizani pogawa chakudya, ndipo musawaseke bambo akayamba kuchepetsa nsima. Lembani muyeso wa lero pakalendala, mudzayezenso pakatha mwezi ndi tepi yomweyo.