Puloti ndi yanu, nanga mtengo uli pamenepo ndi wa yani?

Mapuloti ambiri atsopano ku Chalala, Silverest, New Kasama ndi Lusaka West amagulidwa mitengo yachilengedwe ikadali chilili. Mwini wake akangolandira mapepala amathamangira kuitana anyamata a chainsaw, omanga nyumba amabwera pambuyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphwanyira lamulo osadziwa, poganiza kuti taitolo ya malo ndi taitolo ya mitengo yomwe.

Lamulo la nkhalango la Zambia, Forests Act ya 2015, limaika umwini wa mitengo yoima m'nkhalango za boma, pamalo a mafumu ndi pamalo a boma m'manja mwa Pulezidenti poimira dziko lonse, kufikira itaperekedwa kwa munthu mwalamulo. Taitolo yanu ya zaka 99 ija ndi ya malo a boma amene mwabwerekedwa. Mango kapena kotapela amene munabzala nokha kuseri kwa nyumba si amene amadzetsa milandu kawirikawiri. Nkhani imakula pa mitengo imene munaipeza, makamaka ya matabwa, ndiponso pamene mitengoyo ikatuluke pageti kukagulitsidwa.

Yambani ndi kudziwa pamene mtengo waima. Musadalire mpanda, chifukwa mipanda yambiri mu Lusaka inamangidwa poyerekeza. Funani mabikoni, zizindikiro za malire zimene oyeza malo anaika pansi, muwayerekeze ndi pulani ya puloti yanu. Mtengo ukakhala kunja kwa mabikoni, m'mbali mwa msewu, si wanu ngakhale mutakhala kuti masamba ake mumasesa ndinu m'mawa uliwonse. Pamenepo ndi pa khonsolo, ndipo kalata yanu ipite ku Civic Centre pa Independence Avenue. Majakaranda aja amene amachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala ali m'gulu limeneli. Ukakhala pamalire, kambiranani ndi a neba musanachite chilichonse, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Kwa inu ochita lendi, yankho ndi lalifupi: funsani a landilodi.

Amene mwagula kum'mawa kwa mzinda chenjerani kwambiri. Nkhalango ya Lusaka East, imene ambiri amaidziwa kuti Forest 27, ndiyo imasunga madzi a mtsinje wa Chalimbana, ndipo mbali zake zina zinachotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa pomwe zina zinatsala. Wokugulitsani malo adzakuuzani kuti "kuno kulibe vuto", chifukwa iye akufuna ndalama. Mapu a malire ali ku Dipatimenti ya Nkhalango, pitani mukaone ndi maso anu. Kumadera a mafumu, monga mbali za Chongwe kwa amfumu a Nkomeshya, mawu a anduna ndi ofunika ndipo muwalemekeze, koma salowa m'malo mwa chilolezo cha a nkhalango ngati mukucheka matabwa kapena kuotcha malasha ogulitsa.

Tsopano mtundu wa mtengo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ambiri a m'tauni mitengo tinaiiwala. Mlombwa, umene akalipentala a kumsika wa Buseko amautchula mukwa, mudzaudziwa ndi zipatso zake zouma zozungulira, zokhala ndi phiko lopyapyala kuzungulira ndi timinga tambirimbiri pakati. Zimalendewera mtengo utayoyola masamba m'chilimwe. Khungwa lake likavulala umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi. Msambamfumu, kapena kuti mupapa, uli ndi zikhokhombe zolimba, zafulati, zimene zikasweka mumapezamo njere zakuda zovala kachipewa kofiira. Mukula ndi m'bale wake wa mlombwa, ndipo ndiwo unatchuka chifukwa cha malole ogwidwa m'misewu. Mu 2019 mukula unaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa mayiko, ndipo mu 2022 mlombwa, msambamfumu ndi m'bawa za mu Africa zinalowanso. Panganoli limakhudza zotumiza kunja, osati kudula kwapakhomo, koma zotsatira zake n'zakuti matabwa a mitengo imeneyi a nkhalango amawayang'anitsitsa kulikonse kumene awapeza. Lamulo la 2015 limapatsanso nduna mphamvu yolengeza mtundu wa mtengo kukhala wotetezedwa, choncho zimene munamva zaka zisanu zapitazo musaziyese kuti ndi za lero.

Ilipo ina yotetezedwa chifukwa cha mbiri, pansi pa bungwe losamalira zinthu za mbiri la National Heritage Conservation Commission, monga mkuyu waukulu wa pakati pa tauni ya Kabwe. Yotereyi ndi yochepa. Komabe mukapeza mtengo wakale pafupi ndi manda kapena pamalo amene akuluakulu a m'deralo amawapatsa ulemu, imani kaye mufunse.

Popita ku ofesi ya nkhalango ya m'boma lanu, imene ili pansi pa unduna wa Green Economy and Environment, musapite chimanjamanja. Jambulani mtengo wonse pafoni, kenako khungwa chapafupi. Thyolani kanthambi ka masamba, mutolenso zipatso kapena njere zagwa pansi, muike m'pepala. Yezani kunenepa kwa thunthu ndi chingwe pa msinkhu wa chifuwa chanu. Tengani kope ya taitolo kapena kalata ya malo, ndipo munene chifukwa chenicheni: mizu ikuswa maziko, mtengo waweramira denga, kapena waima pomwe padzakhale nyumba. Nthawi zina mlangizi akabwera amapeza kuti kusadza nthambi ziwiri zitatu kukukwanira, mthunzi n'kutsala.

Akakuuzani kuti chilolezo sichifunika, pemphani kuti akulembereni. Mawu a pakamwa sakuthandizani tsiku lomwe wina wakakunenezani. Akati chikufunika, lipirani ku ofesi mulandire lisiti ya boma, osati kupatsa munthu ndalama m'manja pansi pa mtengo. Dziwaninso kuti chilolezo chodula ndi china, chonyamulira ndi china. Anyamata ocheka amakonda kunena kuti "bwana, tipatseni chabe mitengoyo ikhale malipiro athu". Zikumveka zotchipa, koma Canter ikaimitsidwa pa rodibuloko yopanda mapepala, adzaloza kunyumba kwanu.

Mtengo ukakhala pafupi ndi mawaya a magetsi musaukhudze, ngakhale mapepala onse muli nawo. Itanani a ZESCO. Ndipo zonsezi chitani mvula ya Novembala isanayambe, pamene nthaka ili youma ndipo mtengo wokayikitsawo sunayambe kugwedezeka ndi mphepo. Ukagwa wokha usiku, ujambuleni pomwe wagwerapo, mizu ndi zonse, musanayambe kuudula zidutswa.