Momwe mungalembere nkhani ya ngwazi yobisa nkhope yomwe chinsinsi chake chikuika mesho pachiswe

Achinyamata ambiri omwe ayamba kulemba nkhani za ngwazi zamphamvu zodabwitsa, kaya za makomiki, za pa Facebook kapena timasewero tojambula pa foni, amathera nzeru zonse pa ngwaziyo: mphamvu zake, chovala chake, mdani wake. Mesho, mnzake wogona naye nyumba imodzi, amangomukumbukira tsiku lomwe akufuna munthu woti zigawenga zimube. Nkhani zambiri zimafera pamenepa. Ngwazi inasankha yokha moyo wangozi, pomwe mesho ankangofuna wothandizana naye lendi. Amene walakwiridwa kwambiri ndi iyeyu, ndipo wowerenga ayenera kumva kuwawa kwake. Nazi njira zomwe mungatsate.

1. Yambani ndi mesho, ngwazi ibwere pambuyo

Musanalembe ndewu ngakhale imodzi, dzazani tsamba lathunthu ndi za mesho yekha. Kwawo n'kuti? Akugwira ntchito yanji kapena akuphunzira chiyani? Ndalama akusungira chiyani? Ndani kumudzi akudalira iye? Mukatha, yerekezani kuti ngwazi mulibemo m'nkhanimo. Ngati mesho akadali ndi zake zoti tiwerenge, mwayamba bwino.

Olemba Spider-Man, yemwe Stan Lee ndi Steve Ditko anamutulutsa koyamba mu 1962, anachita zimenezi mwaluso. Peter Parker, yemwe ndi Spider-Man akavula chigoba, atayamba koleji anakakhala nyumba imodzi ndi Harry Osborn ku New York. Harry anali ndi mtolo wakewake: bambo wachuma koma wouma mtima, komanso vuto la mankhwala ozunguza bongo lomwe linaonetsedwa poyera m'makope a mu 1971. Kuwonjezera apo, bambo akewo, Norman Osborn, ndiwo anali Green Goblin, mdani wamkulu wa Spider-Man. Choncho Peter ankabisira mnzake zinsinsi ziwiri pakamodzi, chake ndi cha bambo a mnzakeyo, kwinaku akudyera naye patebulo limodzi.

2. Jambulani nyumbayo papepala

Apa musathamange. Chinsinsi chimasungika kapena kuululika malinga ndi kamangidwe ka nyumba. Makomo alipo angati? Mazenera ali ndi zitsulo? Ndani amagona pafupi ndi khomo? Makiyi alipo angati?

Ngati nkhani yanu ikuchitikira kwathu kuno, musatengere nyumba zosanja za ku New York zomwe ngwazi imangotulukira pazenera anthu osaona. Ganizirani nyumba ya lendi ku Ndirande kapena kwa Chinsapo, yamdadada, bafa lili panja ndipo mabanja anayi akusambiramo, mpopi ndi umodzi, alandilodi ali pampanda womwewo. Ngwazi yotera padenga la malata 3 koloko usiku imadzutsa mdadada wonse, agalu n'kuyamba kuuwa. Chovala chong'ambika ndi mpeni ichapira kuti? Pachingwe cha pabwalo singachiyanike, pakuti amayi a khomo loyandikana amadziwa malaya a aliyense.

Mafunso amenewa ndiwo amakupatsani zochitika zenizeni. Mesho wadzuka mbandakucha kuti atunge madzi mpopi usanasiye kutuluka. Wapeza beseni lake kuseri kwa chitseko, madzi ake ofiirira, sopo yemwe anagula dzulo wangotsala kachidutswa. Mnzake wagona chafufumimba, nsapato zili kuphazi. Mesho sakunena kanthu. Akutaya madziwo kuseri kwa nyumba mwakachetechete kuti aneba asaone. Taonani kuti wayamba kale kubisira mnzake mlandu womwe sakuudziwa n'komwe.

3. Mabodza azikula pang'onopang'ono

Khalani ndi kope lolembamo bodza lililonse lomwe ngwazi yanena, ndi amene yamuuza. Loyamba likhale laling'ono: "Ndinagona kwa msuweni wanga." Lotsatira lizifuna bodza lina lolichirikiza. Kenako pafike poti mesho ayambe kunama m'malo mwa mnzake mosadziwa. Mayi a ngwazi aimba foni, iye n'kuwauza kuti, "Ali ku ntchito ya usiku, mayi, musadandaule," chifukwa ndi zomwe anauzidwa. Alandilodi afunsa za phokoso la padenga, iye n'kuti ndi amphaka. Tsiku lomwe apolisi adzafike, mawu onsewa adzamutembenukira.

Musamupange mesho kukhala chitsiru. Munthu wanzeru amaona zizindikiro, kungoti amazimasulira molakwika. Angaganize kuti mnzake walowa gulu la akuba, kapena ali ndi chibwenzi ndi mkazi wa mwini, kapena wayamba kusuta chamba. Kuda nkhawa kwake kukhale kwachikondi, ndipo zimenezi ndizo zimapweteka wowerenga.

4. Sankhani khomo lomwe ngozi ilowere

Mdani safunika kudziwa dzina la ngwazi. Akangodziwa nyumba yomwe imalowa, kwatha. Ndiye ganizirani zinthu zomwe anthu okhala limodzi amabwerekana. Mesho wavala jekete ya mnzake chifukwa kunja kukuzizira, ndipo jeketeyo zigawenga zinaiona usiku wathawu. Nyumba analembetsa m'dzina lake. Kapena ngwazi inabwereka foni yake kuimbira munthu wina, pomwe tikudziwa kuti kuyambira 2018 nambala za foni m'Malawi muno zimalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake. Wofufuza nambalayo adzapeza nkhope ya mesho.

Pali khomo lina lomwe olemba a kunja saliganizira kwenikweni koma ife timalidziwa: anthu a m'dera. Munthu woyenda usiku ataphimba nkhope, wobwera ndi magazi pamalaya, kuno sayamba kumutcha mpulumutsi. Tikukumbukira zomwe zinachitika mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, pomwe mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa m'manja mwa magulu olusa. Gulu lotere likazinga nyumba silifunsa kuti mwa awiriwa woyenda usiku ndi uti. Ngati mulemba chochitika chonga chimenechi, chilembeni mwaulemu ndi mosamala, pakuti pali mabanja omwe akulirabe.

Musaganizenso kuti izi n'zam'mabuku chabe. Ku Ghana, mtolankhani wofufuza za katangale Anas Aremeyaw Anas amabisa nkhope yake ndi mikanda. Mnzake wogwira naye ntchito, Ahmed Hussein-Suale, chithunzi chake chinaonetsedwa pa kanema ndi wandale wina, ndipo mu Januwale 2019 anaomberedwa n'kufa ku Accra. Wobisa nkhope uja ali moyo, amene nkhope yake inadziwika ndiye anapita.

5. Musailole ngwazi kubisala kuseri kwa mawu oti "ndimakuteteza"

Ngwazi iliyonse imanena kuti imabisa chinsinsi pofuna kuteteza okondedwa ake. Ntchito yanu ndi kuwayesa mawu amenewa pamoto. Gwen Stacy, bwenzi la Peter Parker, anaphedwa pa mlatho mu kope la nambala 121 la makomiki a The Amazing Spider-Man la mu 1973 asakudziwa kuti Peter ndi Spider-Man. Amene ankadziwa anali Green Goblin, yemwe anamuba Gwen. Kusadziwako sikunamutchinjirize, kunangomumana mpata wochenjera. Komanso kuulula kwa aliyense si mankhwala: mu 2006 Peter anavula chigoba pamaso pa atolankhani, ndipo pasanapite nthawi azakhali ake, May, anaomberedwa ndi chipolopolo chomwe chinali cha iye.

Ndiye musapereke yankho lophweka. Onetsani kuti ngwazi ili ndi zifukwa zomveka zokhalira chete, koma onetsaninso chifukwa chomwe payokha safuna kuvomereza: ikuopa kutsala yokha, ikuopa kuti mesho akadziwa asamuka, ndipo lendi payokha singakwanitse.

6. Tsiku lodziwa likhale la mesho

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri n'chakuti mesho akangodziwa, amadumpha ndi chimwemwe n'kuyamba kufunsa za mphamvu. Munthu amene wangozindikira kuti miyezi yonseyi moyo wake unali pachiswe sangasekerere. Mu sewero la pa kanema la Daredevil la mu 2015, Foggy Nelson, yemwe ankagona chipinda chimodzi ndi Matt Murdock ku koleji, anapeza Matt, yemwe ndiye Daredevil, atavulala kwambiri ali m'chovala chake chobisika, ndipo gawo lotsatira pafupifupi lonse linali la mkangano wa awiriwa. Olemba anaupatsa mkwiyowo nthawi yokwanira.

Inunso chitani chimodzimodzi, ndipo mawu akhale ochepa, a anthu omwe amatchulana "iwe" ndi "aise" tsiku lililonse.

"Aise, tsiku lija unandiuza kuti tisinthane mabedi, ine ndizigona chakukhomo, unkadziwa?"

"Ndimafuna ndizitulukira pazenera osakudzutsa."

"Sindinafunse zimenezo. Unkadziwa kuti akabwera ayambira ine?"

Ngwazi isayankhe msanga. Kukhala chete kwake kukunena zambiri kuposa kupepesa kwa tsamba lonse.

7. Mpatseni mesho chisankho, ndipo chikhale ndi mtengo

Akadziwa, achite kanthu mwa kufuna kwake. Angalongedze katundu n'kubwerera kwawo, ntchito n'kuthera pomwepo. Angatsale koma ataika malamulo ake, monga kusintha loko, kusabwereka foni yake, kumuuza chilungamo usiku uliwonse. Angapite kupolisi, ndipo wowerenga amumvetse. Angasandukenso mdani. Harry Osborn, bambo ake atafa pomenyana ndi Spider-Man, anazindikira chinsinsi cha Peter, ndipo mu 1974 anavala yekha chigoba cha Green Goblin n'kutchera bomba m'nyumba yomwe ankakhala awiriwo. Linavulaza Mary Jane, mnzake wa Peter, munthu winanso wosalakwa.

Chomwe ndikukupemphani n'chakuti musamuphe mesho pongofuna kuti ngwazi ikwiye n'kupeza mphamvu zogonjetsera mdani. Imeneyo ndi njira yachidule, ndipo owerenga amaizindikira msanga. Ngati avulala, tionetseni masabata a kuchipatala, amene akumudikirira, ngongole ya mankhwala, ndi mayi ake atakhala pambali pa bedi akufunsa ngwaziyo kuti, "Mwanawe, iwe unali kuti?"

8. Werenganinso ndi maso a mesho

Mukamaliza kulemba, dutsaninso nkhani yonse mukudumpha malo onse omwe mesho palibe. Werengani zokhazo zomwe iye waona ndi kumva. Onani ngati zizindikiro zikukula mwadongosolo, ngati pali pomwe akanayenera kufunsa koma mwamutseka pakamwa chifukwa zikanakusokonezerani nkhani, komanso ngati mabodza a m'kope lija onse abwezedwa. Pomwe mwapeza kuti wangokhala phee popanda chifukwa, bwererani mukamupatse funso loti afunse, kenako muone momwe ngwazi yanu ituluke m'menemo.