Momwe mungathandizire munthu wovulala polumikizira msana ndi chiuno

Kumunsi kwa msana kuli fupa lotchedwa sacrum, lopangidwa ndi timafupa 5 tomwe tidamatirirana. Limakhala pakati pa mafupa awiri a chiuno, ndipo kulemera kwa thupi kumadutsa pamenepo popita kumiyendo. Munthu akagwa kuchokera pamwamba kapena akagundidwa ndi galimoto, fupali limatha kusweka mpaka msana kulekana ndi chiuno.

Poyamba, chonde musamudzutse n'kumati "tione ngati ayenda". Musagwedezenso chiuno pofuna kumva ngati chathyoka. M'chiuno mumatha kutayika magazi malita angapo kunja osaoneka bala lililonse. Mukaona thukuta lozizira, m'zikhatho mwayera, mtima ukuthamanga, dziwani kuti akutaya magazi mkati.

Kenako mangani chiunocho. Pindani nsalu yaikulu, ilowetseni pansi pake mosamala, ndipo mumange zolimba podutsa pamfundo za mafupa a ntchafu zomwe zimamveka m'mbali. Ambiri amalakwitsa pomanga pamimba, pomwe sipathandiza kanthu. Mawondo ndi akakolo mangani pamodzi. Ponyamula mukhale anthu angapo, agone chagada pathabwa thupi lisakupindika. Musamupatse chakudya kapena madzi, mwina akufunika opaleshoni.

Kuchipatala nenani nthawi yomwe ngozi idachitika, chifukwa mankhwala ochepetsa kutaya magazi a tranexamic acid amathandiza akaperekedwa maola 3 asanathe.

Tsopano apa ndi pomwe ndikupempha kuti manyazi tiwaike pambali. M'fupa la sacrum lija mumadutsa mitsempha yolamulira chikhodzodzo, chimbudzi komanso mphamvu za m'banja. Ngati wodwala akumva dzanzi kumatako kapena pakati pa miyendo, akulephera kukodza, kapena chimbudzi chikungotuluka chokha, dokotala auzidwe nthawi yomweyo. Munthu wotere amatha kugwedeza zala zakumapazi bwinobwino, achibale n'kumati wapulumuka, chonsecho mitsempha yapanikizika. Dokotala akafuna kupima ndi chala kumatako, mulimbikitseni wodwalayo avomere.

X-ray wamba kawirikawiri saonetsa kusweka kwa fupali chifukwa mpweya wa m'matumbo umaphimba. Ululu ukapitirira, funsani za CT scan, makina ojambula m'thupi omwe amaonetsa mafupa bwino kuposa X-ray wamba.

Ngati fupa silinasunthe, kupuma, mankhwala a ululu ndi kuyamba kuyenda pang'onopang'ono zimakwanira. Ngati lasuntha, madokotala amalimanga ndi masikuluwu, nthawi zina ndi zitsulo zochokera kumsana kufika m'chiuno, n'kumasula mitsempha. Wodwala akakhala chogonera, muzimutembenuza maola 2 aliwonse monga anamwino akuonetserani, kuopa zilonda.