Kusinthana nyumba pa tchuthi: momwe mungachitire

Ku Venice, mzinda wa ku Italy, alendo achuluka moti mu 2024 mzindawu unayamba kulipiritsa ma euro 5 kwa obwera kudzacheza tsiku limodzi, ndipo Barcelona, mzinda wa ku Spain, yalengeza kuti pofika 2028 ithetsa ziphaso za nyumba zogonamo alendo masiku ochepa. Kusinthana nyumba kumachepetsa vutoli: inu mukakhala kwa anzanu, iwo abwera kwanu, popanda lendi, ndipo anthu a m'deralo sasowa pokhala chifukwa cha inu.

Lembetsani pa HomeExchange, HomeLink kapena Intervac, omwe ndi mabungwe olumikiza anthu ofuna kusinthana nyumba. Mabungwe awiri omalizawa anayamba m'zaka za m'ma 1950. Umembala umalipiridwa pachaka. Jambulani chipinda chilichonse masana, ndipo lembani zoona zokhazokha: ngati madzi amasiya kutuluka kapena magetsi amazima, nenani. Mikangano yambiri imachokera pa zimene munthu anabisa.

Yambani kukambirana miyezi 4 mpaka 6 ulendo usanafike, ndipo muonane pa vidiyo musanagule tikiti. Gwirizanani polemba za masiku, chiwerengero cha anthu, galimoto, ziweto, komanso amene adzalipire chinthu chikasweka.

Ambiri amaiwala inshulansi, ndipo apa ndi pomwe pamapweteka. Imbirani kampani yanu ya inshulansi, chifukwa makampani ena salipira zowonongeka ngati m'nyumba munali anthu omwe sanauzidwe za iwo. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, pemphani kaye chilolezo kwa mwininyumba.

Mapasipoti, zikalata ndi mankhwala zitsekereni m'chipinda chimodzi. Makiyi asiyeni kwa mnansi wodalirika, pamodzi ndi pepala losonyeza potsekera madzi ndi tsiku lotola zinyalala.