Kupatula ma monocyte m'magazi kuti asanduke ma macrophage

Ma monocyte ndi mtundu wa maselo oyera a m'magazi; ma macrophage ndi maselo akuluakulu omeza tizilombo, omwe amachokera ku ma monocyte.

Sakanizani magazi othiridwa heparin (mankhwala oletsa magazi kuundana) ndi PBS (madzi amchere osawononga maselo), muyeso wofanana. Athireni pang'onopang'ono pamwamba pa Ficoll (madzi olemera olekanitsira maselo), chubu chitapendekeka. Zunguzani mu centrifuge (makina ozunguza machubu) pa 400 g (mphamvu yozunguzira, osati magalamu) kwa mphindi 30, buleki itazimitsidwa. Mukaiwala kuzimitsa buleki, kamzere koyera kapakati, momwe muli ma monocyte, kamabalalika, ntchito yonse yawonongeka.

Kuno ku Mzuzu, m'mawa wa Juni Ficoll amazizira n'kulemera, ndiye maselo ofiira satsika onse. Dikirani afike madigiri 18 mpaka 20.

Yamwani kamzere kaja ndi pipette, tsukani kawiri, ikani m'mbale yapulasitiki mu RPMI (madzi okulitsira maselo), pa madigiri 37 ndi CO2 ya 5%. Pakatha maola awiri, tsukani n'kuchotsa maselo osamatirira pa mbale. Otsalawo ambiri ndi ma monocyte. Onjezani seramu (madzi otsala magazi akaundana) ndi M-CSF (puloteni yosandutsa ma monocyte kukhala ma macrophage) ya ma nanogalamu 50 pa mililita. Pofika tsiku la 7 mudzawaona atakula, atatambalala pansi pa mbale.