Mtima ukatupa ndi katemera woyamba, wachiwiri musathamangire

Abale anga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, funso ili landipeza kangapo ku sikelo ndiye ndati ndingolemba onse mumve: mnyamata wadwala mtima atabayitsa katemera wa Covid, kodi akabayitsenso wachiwiri? Ayi, ayambe waima, nkhaniyo ndi ya adokotala.

Matendawa amati myocarditis, ndikutupa kwa mnofu wa mtima. Sachitikachitika ayi, aoneka kwambiri ndi katemera wa Pfizer ndi Moderna makamaka kwa anyamata a zaka 12 mpaka 29, ndipo amayamba pasanathe sabata chibayireni. Kuno tinayamba ndi AstraZeneca mu 2021, Pfizer anabwera pambuyo ndipo ndi amene ankaperekedwa kwa ana a zaka 12 mpaka 17.

Chimandidetsa nkhawa ndichoti kuno ndi kotentha, munthu akumva kupweteka pachifuwa, kubanika, mtima kuthamanga iye ali chikhalire, amangoti ndi dzuwa la ku Ngabuli kapena malungo nkugula panado pa gulosale basi. Musatero chonde. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndi buku lanu komanso khadi ya katemera, muwauze tsiku lomwe munabayitsa. Pamafunika kuyeza mtima ndi makina a ECG komanso magazi, mwina akutumizani ku Queens ku Blantyre, musakane. Akatsimikiza, apempheni alembe m'bukumo kuti wobaya wina aliyense adzaone asanatenge jakisoni. Malangizo ake ndi oti munthu wotereyu asalandirenso wa Covid, pokhapokha atachiriratu ndipo adokotala aona kuti pali chifukwa chachikulu.

Ambiri amachira bwinobwino, koma mtima umafuna kupuma miyezi 3 mpaka 6. Apa ndi povuta ndikudziwa, mnyamata amadyera kabaza pa Nchalo kapena kudula nzimbe, wina kupalasa bwato pa Shire, komabe zimenezo ndi mpira womwe ziyambe zaima, inu makolo muthandizeni asabwerere msanga chifukwa cha ndalama ya ufa.

Amene anangomva kuwawa mkono ndi kutentha thupi tsiku limodzi kapena awiri, ameneyo si za mtima, wachiwiri akabayitse, Covid yeniyeniyonso imatupitsa mtima kuposa katemerayu. Ndipo nkhaniyi siyikukhudza wa kolera, wa chikuku kapena wa poliyo, amayi ana aja muzibwera nawobe ku sikelo.